Munthu Amene Tinamukumba M'chipale

Ku America ndinapita ngati dalaivala wa banja lina la ku ofesi ya kazembe wathu. Ntchito yanga inali kutula ana kusukulu, kuperekeza amayi a pakhomopo kogula zinthu, ndi kudikira abwana panja pa maphwando mumsewu uja wa akazembe ku Washington, kumene nyumba iliyonse ili ndi mbendera yakeyake. Nthawi yawo itakwana, abwana anapakira katundu n'kubwerera kumudzi. Ine ndinakonzetsa mapepala anga n'kutsala, chifukwa ana anga ku Phalombe anali atangoyamba kumene sekondale ndipo nyumba yathu inali isanafoleredwe.

Malo okhala ndinawapeza ku Laurel, m'chigawo cha Maryland, m'chipinda cha pansi pa nyumba chimene kumeneko amati besimenti. Kazenera kake kanali m'mwamba, moti tinkangoona mapazi a anthu odutsa. Chipindacho tinkagawana ndi a Daka, bambo wa ku Chipata wokulira ku Lusaka, wamtali, wokonda kuimba nyimbo za kwaya akamasamba. Iwowa ndi amene anandilowetsa pa kampani yaing'ono yosamalira mabwalo a nyumba za anthu. Kukamatentha tinkatchetcha kapinga ndi kudzala maluwa. Kukazizira tinkachotsa chipale, chimene amati sinowo, m'makomo ndi kuwaza mchere wochisungunula m'tinjira.

Chipale ndinali nditachiona kale ndili kwa kazembe, koma kudzera pa galasi la galimoto. Kuchidziwa kwenikweni ndinayamba nditagwira fosholo. Chinandidabwitsa kuti chinthu chimodzi chingakhale ndi makhalidwe ochuluka chotere. Tsiku lina chimagwa chopepuka ngati gaga, ungathe kuchisesa ndi tsache. Tsiku lina chimalemera ngati dothi la kudambo, fosholo imodzi yokha msana n'kudandaula. Chikagonera, mawa lake umachipeza chasanduka mwala. Ndinkawafunsa a Daka kuti zimenezi zimatheka bwanji.

"Achimwene, imwe mufunsa maningi," ankandiyankha m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka. "Sinowo ni sinowo chabe. Tiyeni tisilize, kwazizila."

Mwini kampaniyo anali mayi wachizungu, dzina lawo a Ellen, wamfupi, wa imvi, woyenda motsimphina pang'ono. Mu ofesi sankakhalamo, ankagwira fosholo limodzi nafe. M'mawa wina tikuchotsa chipale kuseri kwa nyumba yakale ku Takoma Park, anandipeza nditasiya ntchito, ndikufikisa chipale m'manja ngati munthu wogula mpunga. Ndinkayesa andikalipira. Koma anagwada pambali panga, nadula mulu wa chipale ndi fosholo yawo mpaka panaoneka khoma losalala.

"Tayang'ana apa," anatero m'Chingerezi. "Ukuona mizere iyi? Uwu wapansiwu ndi chipale chimene chinagwa sabata yatha. Kamzere kolimbaka ndi tsiku lija kunawala dzuwa kenako n'kuzizira. Chapamwambachi ndi cha dzulo. Chimasanjikizana ngati mabulangete."

Ndinalowetsa chala. Pena chinkalowa mosavuta, pena chinkakana.

"Madamu, munaziphunzira kuti zimenezi?"

Anandiuza kuti pa utsikana wawo ankagwira ntchito kumapiri a kumadzulo, ku Colorado, kumene anthu amatsetsereka pa chipale atavala timatabwa tiwiri kumapazi, timene amati masiki. Kumeneko, anatero, bulangete lapamwamba likapanda kugwirana ndi lapansi, phiri lonse limavula chipale chake nthawi imodzi, n'kutsika nacho liwiro la sitima, kuthyola mitengo, kukwirira aliyense amene ali m'njira. Ntchito yawo inali kulawirira m'mamawa kukaponya mabomba ang'onoang'ono pamalo oopsa, kuti chipalecho chigumukiretu anthu asanafike. Mwendo wotsimphinawo unathyokera komweko.

"Kwathu zimenezo timati napolo," ndinatero. "Koma wathu ndi wa matope ndi miyala, amatsika m'phiri mvula ikachuluka."

Anayesa kutchula mawuwo kangapo, mpaka a Daka anaseka n'kugwetsa fosholo. Kuyambira tsiku limenelo, ine ndi a Ellen tinali ndi nkhani yathu. M'galimoto ndinkawapanikiza ndi mafunso. Chimene chinkandizunguza mutu kwambiri chinali chakuti pali anthu ena amene amakana malo otetezedwa aja, n'kumakwera okha wapansi mapiri a kutchire, theka la tsiku lathunthu thukuta lili kamukamu, kuti angotsetsereka kamodzi basi.

"Kumwambako amakatengako chiyani?"

"Palibe."

"Wina amawalipira?"

"Ayi, iwo ndi amene amawononga ndalama."

Ndinkangopukusa mutu. Kwathu munthu amakwera phiri kukatema nsungwi kapena kukafuna nkhuni, ndipo amatsika atasenza.

Ndiye kunabwera chaka china chimene chipale chinakana kugwa ku Maryland. Kunkangozizira, mitengo ili mbee, mafosholo ali pakona. Kopanda chipale kunalibe ntchito, ndipo kumudzi foni sinkasiya kulira. A Daka anayamba kutsuka mbale pa lesitilanti ina, ine ndinkangozungulira. Tsiku lina a Ellen anatiitana. Anati achimwene awo, amene anali ndi kanyumba ka matabwa kumapiri kuja, agonekedwa m'chipatala, ndipo chipale chaunjikana padenga moti likhoza kuthyoka. Ankafuna anthu awiri odziwa fosholo, wina wodziwanso chiwongolero.

Tinayenda masiku angapo. Tinadutsa minda ya chimanga yokololedwa kale, yotambalala moti diso limatopa lisanapeze mapeto. Kenako kutsogolo kunatulukira chinthu choyera chimene ndinkayesa mitambo. Ine ndinakulira m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ndipo ndinkadzitama kuti mapiri ndimawadziwa. Koma awa anali ochuluka ngati mizere ya m'munda, ndipo mpweya wake unali wochepa. Kungonyamula chikwama kuchoka pa galimoto kufika pakhomo, mtima unkagunda ngati ndathamangitsidwa ndi galu.

Denga tinalipeputsa, nkhuni tinawaza, njira tinatsegula. Ntchito itachepa, a Ellen anati andionetse chimene ndinkafunsa chija. Kuseri kwa kanyumbako tinakumba dzenje m'chipale mpaka kufika pa dothi, lakuya mpaka pachifuwa panga. Kumwamba kwa khoma lake chipale chinali cholimba, chogwirana ngati njerwa yosawotcha. Mphepo ndi imene inachiumba choncho. Koma nditafika pansi penipeni, dzanja langa linangolowa lonse. Ndinatapa. Chinali timiyala tonyezimira tosagwirana, tikuyoyoka pakati pa zala.

"Shuga!" ndinafuula.

"Ifenso timamutchula choncho," anatero a Ellen. Anafotokoza kuti chipale choyamba cha chakacho chinagwa chochepa, kenako kunatsatira masabata ozizira koopsa opanda mitambo, ndipo chinavunda n'kusanduka shugayo. Zonse zimene zinagwa pambuyo pake zinakhala pamwamba pa iye.

Anadula chipilala cha chipale m'mbali zonse, naika fosholo pamwamba pake, n'kuyamba kuimenya ndi dzanja pang'onopang'ono. Sanamenye kambiri. Chipilala chonse chinadumpha pa shuga paja n'kutsetserekera kumapazi kwathu, chathunthu, pansi pake posalala ngati podulidwa ndi mpeni.

"Tsono ganiza kuti chimenechi ndi chachikulu ngati bwalo la mpira, ndipo iwe waima pakati pake."

A Daka, amene ankaonerera atapinda manja, anayang'ana mapiri otizungulira, nati, "Manje ise tichita chani kuno?"

M'mawa uliwonse a Ellen ankawerenga pa foni uthenga wa akatswiri oyeza chipale. Kuopsa kwa tsikulo ankakupatsa mtundu, kuyambira wobiriwira mpaka wakuda. Sabata yonseyo unali wa olenji, ndipo anati umenewo ndi umene umanyenga anthu, chifukwa suoneka woopsa kwambiri koma munthu mmodzi akhoza kugumula phiri. Anatiuzanso kuti potsetsereka kwambiri sipoopsa kwenikweni, poti chipale sichikhalapo. Poopsa ndi potsetsereka mwapakatikati, pamene pamakomanso kutsetserekapo.

Anatiphunzitsanso kachipangizo kena konga kawailesi, kamene aliyense amavala m'kati mwa jekete. Kamatumiza chizindikiro nthawi zonse, ndipo mnzako akakwiririka, umatembenuza kako kuti kazimvetsera. Ukamayandikira pamene ali, kamalira mofulumira. A Ellen ankaika kamodzi m'chikwama n'kuchikwirira m'chipale, ife n'kumakafuna. Ukafika pamalopo umabaya chipale ndi ndodo yaitali yachitsulo yolumikiza ngati ya tenti, mpaka igunde chofewa. Kukumba sukumbira pamwamba pa munthuyo, umayambira kumunsi n'kumalowera cham'mbali, kuti usamupondereze. Kwa ine zonsezi zinali ngati masewera, ndipo ndinkazikonda. A Daka ankati, "Ine nikakwililika musavutike, mukauze chabe akazi anga kuti n'nafela mu fuliji."

Tsiku loti mawa tinyamuka, kunacha bwino, thambo lili mbee, dzuwa likuthobwa m'maso. A Ellen anati tikayende m'chigwa, m'njira yafulati, kutali ndi tsinde la phiri. Tinavala nsapato zazikulu ngati malichero zoletsa kutitimira. Aliyense anali ndi kawailesi kake, fosholo yopinda ndi ndodo m'chikwama, chifukwa mayi aja sankalola munthu kutuluka popanda zimenezo.

Tili pakati pa dambo loyera, ndinaponda, ndipo pansi panalira. Linali liwu lakuya, ngati munthu wagwetsa thumba la chimanga m'chipinda china. Ndinamva chipale chonse chikutsika pang'ono pansi pa mapazi anga, ndipo chitsamba china patali chinagwedezeka chokha.

"Wamva?" anatero a Ellen, maso akuwala. "Shuga uja wafwafwanizika. Pano n'pafulati, ndiye palibe kumene chingapite. Pakanakhala potsetsereka..."

Sanamalize. A Daka analoza kumwamba. Pamsana pa phiri la kutsogolo kwathu panali timadontho tiwiri, anthu a masiki. Mmodzi anaima pafupi ndi mitengo, wina anayamba kutsika. Kunena zoona, zinali zokongola. Ankapinda uku ndi uku, chipale chikufuka kumbuyo kwake ngati utsi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinayamba kumvetsa chimene amakwerera.

Kenako pamwamba pake panang'ambika mzere, kuchoka ku mitengo kukafika ku miyala ya tsidya lina. Phiri linasweka ngati mbale yadothi. Zibenthu zikuluzikulu zinayamba kuyenda, munthu uja ali pakati, kenako zonse zinasanduka mtambo woyera ndi mkokomo umene ndinaumva m'mimba.

"Musamuchotse maso!" anakuwa a Ellen. "Onani pamene azimiririke!"

Ndinaona jekete lofiira likutuluka, likumira, likutulukanso pafupi ndi mtengo wina wouma, kenako osaonekanso. Mtambo utakhazikika panali zii. Dzuwa linkawalabe ngati palibe chachitika.

A Ellen anadina kachipangizo koitanira opulumutsa anthu, natiuza titembenuze mawailesi athu kuti azimvetsera. Anayang'ana kumwamba kuti aone ngati patsala china chogwa, kenako anati, "Tiyeni. Opulumutsa afika mochedwa. Amene alipo ndife."

Kuthamanga ndi malichero kumapazi, mumpweya wochepa uja, sindidzaiwala. M'kamwa munkamveka magazi. Pamene tinkafika, munthu wachiwiri uja anali atatsika kale. Anali mayi wachitsikana, ndipo wokwiririkayo anali mwamuna wake. Kawailesi kake kanali kale m'manja, akufufuza. Ine ndinaloza mtengo wouma uja. Iye ndi a Ellen analowera kumunsi kwake, atawerama, tizipangizo tikulira pang'onopang'ono, kenako mofulumira, kenako mosalekeza. A Ellen anabaya ndodo. Dothi. Anabayanso. Dothi. Atabaya kachitatu, ndodo inaima panjira n'kubwerera pang'ono.

"Ndi uyu. Ndodoyi musaizule. Inu awiri, kumunsi uko. Kumbani!"

Ndinkayembekezera chipale chofewa chija chimene chinkafuka ngati utsi. Fosholo inagunda ngati pa simenti. Chipale chikathamanga n'kuima, chimauma nthawi yomweyo. Tinkachita kudula zidutswa ngati tikuumba njerwa, wakutsogolo akudula, wakumbuyo akutaya, wakutsogolo akatopa n'kusinthana. Zimenezi sitinachite kupangana. Ine ndi a Daka tinali titachotsa chipale limodzi m'makomo osawerengeka, ndipo aliyense ankadziwa kupuma kwa mnzake. Mayi uja ankakumba pambali pathu akuitana dzina la mwamuna wake. A Daka ankangobwereza kuti, "Yesu, Yesu, Yesu," fosholo iliyonse dzina limodzi.

Tinapeza chikwama. Tinatsata lamba wake mpaka paphewa, ndipo a Ellen anati tisiye mafosholo, tipalase ndi manja. Ndinakhudza chipewa cholimba, kenako tsaya. Nkhope inali cham'mbali, yotuwa, milomo yabuluu. M'kamwa monse munali chipale chothinana ngati wina wachita kutsendera. Ndinavula gulovu, n'kulowetsa zala, n'kuchikolowola. Sanapume. Tinapalasa pachifuwa kuti pamasuke, a Ellen anagona chamimba m'dzenjemo n'kumuuzira mpweya pakamwa. Anauziranso. Ine ndinali nditagwira mutu wa munthu amene sindinkamudziwa ngakhale dzina la bambo ake, ndikumuchonderera m'Chichewa kuti, "Pumani, bambo, pumani."

Anatsokomola. Chinali chifuwa chonyansa, cha magazi ndi madzi, koma sindinamvepo liwu lokoma ngati limenelo. Anakoka mpweya ngati mwana wongobadwa, maso n'kutseguka, osaona kanthu. Mkazi wake anagwa pa iye akulira.

Mwendo wake unali utathyoka, ndiye tinamukumba mosamala, n'kumufunditsa majekete athu. Patapita kanthawi anayamba kuzindikira. Anayang'ana mkazi wake, anayang'ana ife anthu akuda awiri amene tinatulukira kosadziwika, kenako anafunsa ndi mawu osasa kuti, "Siki yanga ina ili kuti?"

A Daka anakhala pansi pa chipale. "Achimwene, uyu muntu ni wofunta," anatero, ndipo anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka kulira. Zala zawo zinali zitang'ambika, magazi akudontha pa chipale, koma sankazimva.

Opulumutsa anafika ndi njinga zawo za pachipale n'kumutenga. Sitinaonanenso naye, ngakhale mkazi wake ankawaimbira a Ellen kutipatsa moni. Pobwerera ku Maryland ndinawafunsa a Ellen funso limene linkandisowetsa mtendere. Anthu aja anali ndi zipangizo zonse, uthenga wa olenji anauwerenga, za shuga ankazidziwa. Nanga analowerapo chifukwa chiyani?

"Kunacha bwino," anatero a Ellen. "Anali atakwera kale mtunda wonse uja. Inenso tsiku limene ndinathyoka mwendo ndinkadziwa zonse."

Ndinakhalanso ku Laurel zaka zingapo. M'chaka china cha zimenezo, mvula yamkuntho inagwa kwathu masiku otsatizana, ndipo napolo anatsika m'phiri. Ndinamva pa foni ndili m'besimenti muja. Nyumba yanga inapulumuka, mkazi wanga ndi ana anali bwino. Koma mbali ya mudzi kumene kunkakhala achemwali anga aakulu inakokoloka, ndipo alamu anga, amuna awo, anapezeka patapita masiku, atamwalira. Ndinatumiza zimene ndikanatha. Kupita sindinathe.

Pamene ndinabwerera kumudzi kokhazikika, ndinapeza ana anga ali anthu akuluakulu, akundipatsa ulemu wa mlendo. Mkazi wanga anali atazolowera kulamula zonse yekha, ndipo ankazilamula bwino. Abale ankabwera kudzamva za ku America, ndipo nkhani ya munthu wa m'chipale inkawasangalatsa, ngakhale ambiri ankathera pofunsa kuti mzunguyo anandipatsa chiyani. Ndikati palibe, ankaona ngati ndikubisa.

Achemwali okha ndi amene sankafunsa kanthu. Kale anali mayi wolongolola, woseka mpaka tsidya la mtsinje kumva, koma tsopano ankangokhala. Nkhaniyi ndinkaipewa akakhala pafupi. Masana ena ndinawapeza pakhonde la kanyumba kawo katsopano akusola nandolo, ndipo ndinakhala pansi n'kumawathandiza.

"Iwe," anatero osandiyang'ana, "ndamva kuti unakumba munthu kumeneko."

"Eya, achemwali."

"Munadziwa bwanji pamene anali?"

Ndinawafotokozera za kawailesi kaja, ndi ndodo.

"Kamachita kulira?"

"Kamalira. Mukamayandikira kamalira kwambiri."

Anasola nandolo zingapo. "Ife tinalibe. Tinkauza anthu onse kuti akhale chete, ndiye tinkagona pansi n'kuika khutu pamatope."

"Munkamva kanthu?"

"Tsiku loyamba."

Nkhuku inabwera kudzatola nandolo yogwa, ndipo palibe anaiingitsa.

"Ndiye wakoyo ukuti anatuluka wamoyo?"

"Wamoyo. Anatsokomola n'kuyamba kupuma. Ndipo atangotsitsimuka anafunsa za thabwa lake lotsetserekera."

Achemwali anatulutsa kaphwete kakafupi, kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Anakankhira lichero pambali, natembenuka kundiyang'ana bwinobwino.

"Tayambiranso," anatero. "Usathamange. Ukafika pamene anatsokomola paja, unene pang'onopang'ono."